Mwana akasiya tabuleti pansi, akutha chiyani?

Madzulo ena magetsi atathima, ndinakhala pakhonde kwathu ku Manje ndi mwana wa achemwali anga, mtsikana wa Sitandade 3. Anabwera ndi buku lake la Chichewa n'kunena kuti, "Amalume, ndikuwerengereni." Anatsegula tsamba, n'kuwerenga mothamanga osaphonya paliponse. Ndinamuwombera m'manja. Achemwali, ali pambaula, anafuula kuti, "Mwamuonatu mwana wanga!"

Kenako ndinatola kakhala n'kulemba pasimenti mawu amodzi okha: mbuzi. Ndinamufunsa kuti, "Nanga apa palembedwa chiyani?" Anayang'ana pansi, anayang'ana ine, anayang'ananso pansi. Mapeto ake anati, "Awa sitinaphunzire, amalume." Chonsecho mawu omwewo anali pa tsamba lomwe anali atangomaliza kumene. Mwanayu sankawerenga ayi. Ankatchula zomwe analoweza pobwereza pamodzi ndi anzake m'kalasi.

Nkhaniyi ndaikumbukira chifukwa masiku ano kulikonse mukumva za matabuleti m'sukulu za pulayimale. Ena akuti ndiye mankhwala a mavuto onse a maphunziro, ena akuti n'kungotaya ndalama. Ine maganizo anga ndi awa: tabuleti, foni kapena intaneti zimathandiza mwana pokhapokha ngati zikuyeza chimene mwanayo akutha kuchita, n'kumupatsa ntchito yoyenera msinkhu wa luso lake. Ndipo umboni wake tiziufuna mwana atasiya chipangizocho pansi. Ndikulembera inu a kusekondale chifukwa ambiri mwa inu muli ndi mng'ono kapena mlongo ku pulayimale, ndipo mwina nayenso akuwerenga ngati mwana wa achemwali anga.

Kukhala m'kalasi n'kosiyana ndi kutha

Pali njira ziwiri zoonera maphunziro. Yoyamba imawerenga nthawi: mwana wakhala chaka mu Sitandade 2, aphunzitsi amaliza silabasi, basi apite mu Sitandade 3. Yachiwiri imawerenga maluso: kodi mwanayu angathe kutchula maliwu a malembo? Angathe kuphatikiza lembo ndi lembo n'kupanga phatikizo? Angathe kuwonkhetsa 27 ndi 15? Ngati sangathe, ndiye kuti pamenepo m'pamene ali, kaya wavala yunifolomu zaka zingati. Njira yachiwiriyi ndi imene imatchedwa kuphunzira potsata maluso.

Inu a masamu mukudziwa chifukwa chake. Munthu amene sanamvetse mafulakishoni mu Sitandade 5 amavutika ndi aljebra mu Fomu 1, ndipo akafika Fomu 3 amangoti, "Ine masamu si mbali yanga." Koma si kuti mutu wake ndi wouma. Pali njerwa imodzi imene inasowa pansi, ndiye khoma lonse lapendekeka. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Ganizoli si lachilendo kuno kwathu. Kuyambira 2007, silabasi ya pulayimale yokonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi inayamba kutsindika pa zomwe mwana ayenera kutha pomaliza phunziro, komanso kumuyesa pafupipafupi osadikira mayeso a kumapeto kwa teremu. Papepala zili bwino kwambiri. Vuto lili m'kalasi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma makalasi anadzaza, ndipo mpaka lero m'matauni ngati Ndirande, Bangwe ndi kuno ku Manje si zodabwitsa kupeza ana 100 kwa mphunzitsi mmodzi, ngakhale boma limafuna asapitirire 60. Tengani phunziro la mphindi 30. Amenewo ndi masekondi 1,800. Mukawagawa kwa ana 100, mwana aliyense akupeza masekondi 18, ndipo apa mphunzitsi sanalembe kanthu pabolodi, sanaitane mayina, sanaleretse ndewu kumbuyo. M'masekondi 18 mungadziwe bwanji kuti mwana uyu akuwerenga, uyu akungotsatira mawu a anzake? Aphunzitsi sindikuwanena. Ngakhale mutakhala inu, mungachite chomwecho: kuwauza onse abwereze pamodzi.

Zotsatira zake zinaoneka pa kafukufuku wa MICS amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020 mothandizana ndi UNICEF. Mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi 19 okha ndi amene anali ndi maluso oyambira a kuwerenga, ndipo pafupifupi 13 okha ndi amene anali ndi maluso oyambira a masamu. Mwana wa achemwali anga sanali yekha.

Kwa iye panawonjezekanso china. Namondwe Freddy, mu Malichi 2023, anamupeza ali mu Sitandade 1. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi kuno kwathu, sukulu zinatsekedwa kwa masabata, zina zinasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Sukulu zitatsegulidwa, kalendala inapitirira. Koma malembo amene akanawaphunzira m'masabata amenewo sanabwerere okha.

Chimene makina amatha kuposa munthu wotanganidwa

Mu 1984, katswiri wa maphunziro wa ku America, Benjamin Bloom, analemba kuti ana ophunzitsidwa mmodzimmodzi, osapita patsogolo mpaka atatha gawo lomwe alipo, amakhoza kwambiri kuposa ana a m'kalasi wamba. Ofufuza a pambuyo pake anapeza kuti kusiyanako si kwakukulu ngati mmene iye ananenera, komabe kulipo. Funso limene anasiya ndi lakuti: tingapereke bwanji mphunzitsi kwa mwana aliyense, pamene palibe dziko lomwe lingakwanitse kulipira zimenezo? Apa m'pamene pulogalamu ya pakompyuta ingalowe.

Yesani masewero awa ndi mnzanu. Aganize nambala ya pakati pa 1 ndi 100, inu muzifunsa ngati ili pamwamba kapena pansi pa nambala imene mwatchula. Mukayamba ndi 50, kenako 25 kapena 75, n'kumadula pakati nthawi iliyonse, simudzapitirira mafunso 7 musanaipeze, chifukwa 2 mukamuchulukitsa ndi iye mwini ka 7 mumapeza 128. Pulogalamu yabwino yophunzitsira imagwiritsa nzeru yofanana ndi imeneyi. Imapereka funso, mwana akakhoza imakweza, akalephera imatsitsa, mpaka itapeza malire a zomwe akutha. Ikawapeza, imamuphunzitsa kuyambira pamenepo. Akalakwitsa imamuuza pompopompo, osati mawa kope likabwera kochongedwa. Sitopa, simuseka, ndipo anzake sadziwa kuti iye akadali pa a, e, i, o, u.

Zimenezi n'zimene boma likufuna kuchita ndi pulogalamu ya BEFIT, imene Unduna wa Zamaphunziro unayamba mu 2023 mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion. Cholinga chake n'chakuti pofika 2029, ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu za boma pafupifupi 6,000 azigwiritsa ntchito matabuleti pophunzira kuwerenga ndi masamu. Matabuletiwa amatchajidwa ndi sola, amalankhula Chichewa, ndipo phunziro lenilenilo lili m'kati mwa tabuleti momwemo, silidikira netiweki.

Mfundo yomalizayi ndi yofunika. Tikamva zoti "kuphunzira pa intaneti" timaganiza za mwana aliyense ali pa YouTube. Inu mukudziwa mmene bandulo imathera ukangoonera mavidiyo awiri, ndi mmene netiweki imasowera mvula ikagwa. Komanso zambiri za ana pa intaneti zili m'Chingerezi, pamene mwana wa Sitandade 1 akuyamba kuwerenga m'Chichewa. Ndipo vidiyo sikufunsa funso. Mwana angathe kuonera katuni ya malembo ka 20, n'kuiloweza yonse, osadziwa lembo ngakhale limodzi. Kumeneko n'kuloweza komwe kuja, kwangosamukira pafoni. Kwa ine, ntchito yabwino ya intaneti pa msinkhu umenewu ili kumbali ya akuluakulu: kutumiza maphunziro atsopano m'zipangizo, kusonyeza oyang'anira kuti sukulu yakuti matabuleti akungogona m'kabati, ndi kulola aphunzitsi kugawana nzeru ngakhale pa WhatsApp pomwe.

Tikudziwa bwanji kuti zimagwira ntchito?

Apa m'pamene pali sayansi. Kampani iliyonse imanena kuti katundu wake ndi wabwino, ndipo chithunzi cha ana akumwetulira ndi matabuleti si umboni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Umboni umafuna kuyerekeza.

Pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe, wofufuza wa ku yunivesite ya Nottingham, Nicola Pitchford, anatenga ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 n'kuwagawa m'magulu atatu mwa maere. Gulu loyamba linkagwiritsa ntchito tabuleti ya masamu kwa mphindi 30 patsiku, kwa masabata 8. Lachiwiri linkagwiranso tabuleti, koma yopanda pulogalamu ya masamuyo. Lachitatu linkaphunzira monga mwa nthawi zonse.

Taganizani kaye, gulu lachiwirilo n'lachiyani? N'lofanana ndi chubu chija cha mu labu chimene simuthiramo mankhwala amene mukuyesa. Popanda gulu limeneli, sitikanadziwa ngati ana akhoza chifukwa cha masamu a m'pulogalamu, kapena chifukwa chongosangalala kuti agwira chinthu chatsopano. Nanga maere? Amateteza kuti wina asasankhe ana anzeru kale n'kuwaika m'gulu limene akufuna kuti lipambane.

Zotsatira zinasindikizidwa mu 2015. Mu Sitandade 2 ndi 3, ana a tabuleti ya masamu anapita patsogolo kuposa magulu awiri enawo. Koma chimene chinandigwira mtima ine ndi ichi: ana a Sitandade 3 atapatsidwa mayeso a papepala ndi pensulo, anakhozabe. Luso linatuluka m'tabuleti n'kulowa mwa mwana.

Tsopano onani mbali inayo. Dziko la Peru, ku South America, linagawa malaputopu mazanamazana a masauzande kwa ana a pulayimale kudzera mu pulogalamu ya One Laptop per Child. Ofufuza a Inter-American Development Bank anayerekeza sukulu 319 za kumidzi, zina zolandira ndi zina zosalandira. Mu 2012 analengeza kuti patatha miyezi 15, ana anaphunziradi kugwiritsa ntchito kompyuta, koma pa mayeso a masamu ndi a chiyankhulo panalibe kusintha kooneka. Chipangizo chinalipo, koma chinalibe njira yotengera mwana luso ndi luso.

Ku Biwi ndi ku Peru konse kunali zipangizo zowala. Kusiyana kunali pa zimene zinali m'kati mwake, ndi mmene akuluakulu anakonzera nthawi yozigwiritsa ntchito.

Amene akukayika ali ndi mfundo

Mnzanga wina wophunzitsa ku pulayimale anandifunsa kuti, "Achimwene, ana akukhala pansi, ena pansi pa mtengo, inu mukuti tabuleti?" Sindingamutsutse kuti madesiki, makalasi ndi aphunzitsi owonjezera n'zofunika. Palinso mafunso ena enieni. Batire ikafa akonza ndani? Akuba akathyola ofesi? Othandiza akunja akadzachoka, ndalama zogulira zatsopano zidzachokera kuti? Ndipo kafukufuku wa pasukulu imodzi, pamene ofufuza ali pompo, satitsimikizira kuti zidzayenda chimodzimodzi m'sukulu 6,000.

Palinso malire a makinawo. Funso la pa tabuleti likakhala ndi mayankho atatu, mwana wongodina mwachisawawa ali ndi mwayi umodzi mwa itatu wokhoza. Kuti akhoze mafunso atatu motsatizana mwamwayi, mwayi wake ndi umodzi mwa 27. Asanu, umodzi mwa 243. N'chifukwa chake pulogalamu yabwino sikhutira ndi yankho limodzi. Komabe pali zina zimene singaone. Sidziwa kuti mwana walephera chifukwa sanadye m'mawa, kapena kuti sakuona bwino, kapena kuti mnzake wa pambali ndi amene akumudinira. Zimenezo amaziona ndi munthu.

Koma yankho langa kwa mnzangayo ndi lakuti ngakhale mawa titamanga makalasi onse, n'kutsitsa chiwerengero kufika pa ana 60, mwana aliyense angapeze masekondi 30 okha pa phunziro lija. Vuto lodziwa pamene mwana aliyense ali silinathe. Tabuleti silowa m'malo mwa mphunzitsi. Imagwira kantchito kamodzi kamene mphunzitsi wa ana ochuluka chonchi sangakwanitse.

Ndipo umboni wina woti chinsinsi si chipangizo uli pafupi pompa, ku Zambia. Kuyambira 2016, unduna wa maphunziro kumeneko uli ndi pulogalamu ya Catch Up, yotengera njira imene bungwe la Pratham linayambitsa ku India. Ana a Giredi 3 mpaka 5 amayesedwa mmodzimmodzi, n'kuikidwa m'magulu potengera zomwe akutha, osati kalasi yawo: awa akuphunzira malembo, awa mawu, awa ndime. Zipangizo zake ndi timitengo, timiyala ndi choko. Mfundo yake ndi yomwe ija ya tabuleti yabwino: peza pamene mwana ali, yambira pamenepo.

Zimene tinachita pakhonde

Kunyumba kwathu kulibe tabuleti, ndiye ndinangobwereka nzeru yake. Ndinadula katoni ya sopo n'kupanga timakadi, n'kulemba lembo limodzi pa kakadi kalikonse. Ndinamusonyeza mwanayo mosakaniza, osati mu ndondomeko ya alifabeti, chifukwa ndondomekoyo anali ataiimba kale kambirimbiri. Malembo a liwu onse asanu ankawadziwa. M, n, t ndi k ankawadziwa. B ndi d ankawasokoneza. Maphatikizo ngati ma, ta, ku ankawatha pang'onopang'ono, koma akangokumana ndi mb, nd kapena ch ankaima. Pamenepo ndiye panali malire ake. Zinanditengera mphindi zosakwana khumi kuti ndidziwe chimene chinabisika kwa zaka ziwiri.

Tinayamba pamenepo, mphindi 15 madzulo aliwonse achemwali akuphika. Lamulo linali limodzi: sitipita pa phatikizo latsopano mpaka atawerenga lakalelo m'mawu asanu amene sanawaonepo. Masamu tinkagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo, khumi pamulu. Masiku ena ankakana, n'kumati, "Amalume, zimenezi n'za ana a Sitandade 1." Zinkamuchititsa manyazi, ndipo apa ndinamvetsa ubwino wa tabuleti yokhala ndi mahedifoni: palibe amene amamva kuti wabwerera m'mbuyo. Ndinasiya kumuphunzitsa anzake akuona.

Patatha miyezi iwiri tinapita limodzi kumsika. Tikudikira kuwoloka msewu, anandikoka malaya n'kuloza chikwangwani cha pa galasi la minibasi. Anatchula pang'onopang'ono: "Li... mbe. Amalume, ikupita ku Limbe!" Kondakitala anali asanaitanire. Mb uja amene anamugonjetsa pa mbuzi, anamugonjetsa yekha pamsewu. Sindikunena kuti tsopano ndi katswiri. Ndime yaitali imamuvutabe. Koma chimene akutha, akuchithadi.

Ntchito yanu

Sabata ino, mutengeni mng'ono wanu kapena mwana wa aneba. Musamupatse buku lake la kusukulu. Lembani mawu asanu papepala, ophweka poyamba, kenako ovutirako. Mupatseni samu imodzi yowonkhetsa yofuna kusunga, monga 27 ndi 15, ndi ina yochotsera yofuna kubwereka, monga 42 kuchotsa 18. Akalephera tsitsani, akakhoza kwezani, mpaka mupeze malire. Musamukalipire, musamuseke. Mukungoyeza, ngati mmene mumayezera kutentha kwa madzi mu labu. Lembani tsiku ndi zimene watha, ndipo patatha mwezi mudzayezenso ndi mawu ena atsopano.

Ngati kusukulu kwake kuli matabuleti, kapena ngati mumamubwereka foni yanu kuti aphunzirirepo, dzifunseni mafunso atatu. Kodi chipangizochi chikumufunsa mafunso, kapena akungoonera? Kodi akalephera chimasintha, kapena chimangopitirira? Ndipo akachisiya pansi, angachite chomwecho papepala, pa chikwangwani cha golosale, kapena powerenga chenji? Yankho likakhala inde katatu, chisamalireni chipangizocho ndipo muwauze makolo kuti mwanayo asamajombe. Likakhala ayi, bandulo yanu ikungopita pachabe.

Ena mwa inu mudzakhala aphunzitsi, ena mudzalemba mapulogalamu a m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, ena mudzakhala mu unduna n'kumasaina zogula zipangizo za mabiliyoni. Tsiku limenelo wina akadzabwera ndi chinthu chowala n'kunena kuti chisintha maphunziro, mudzamufunse kuti anachiyesa pa ana angati, gulu loyerekezera linali liti, ndipo anawo atachisiya pansi anatha chiyani. Koma musadikire tsiku limenelo. Kakhala kali pafupi ndi mbaula, simenti ili pakhonde, ndipo mwanayo ali pompo akudikira nsima.